Phulusa la kumiyendo kwanu

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ine ndilipo, kungoti mawondo akundikana. Zilembozi ndaphunzirira ku ukalamba, ndipo anatiphunzitsa m'Chichewa, osati m'chinenero chakwathu, choncho mupirire, mumve pang'onopang'ono monga ndikulembera.

Mpunga ku Wovwe tinakolola bwino, ngakhale mbalame zinadya gawo lawo. Ng'ombe yanu yopanda nyanga ija inafa ndi ukalamba. Mkazi wa mdzukulu wanu Yotamu wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu, Tamala. Akamagona amafumbata dzanja lamanzere ngati inu.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya chitunda chakuseri kwa nyumba. Mukudziwa kuti kwathu kuno ukakumba pang'ono, madzi amakupatsa moni. Pouma ndi pachitunda pokha. Ndinu munayamba kukumbapo chimbudzi chofika m'chiuno basi, n'kumathira phulusa ndi mankhusu a mpunga munthu akatulukamo. Munkati, "Phulusa kaye, kenako uzipita." Dzenje likadzaza tinkakwirira, n'kubzalapo nthochi, n'kusuntha kamsasa ka udzu patsogolo pake. Sitinasiye, amayi. Nthochi zayenda mzere, chaka ndi chaka, ndipo mikoko yake mwamuna mmodzi sanyamula.

Tsono mzerewo wafika pa inu.

Pamene tinkakugonekani kumapeto kwa chitunda, malo ankaoneka ambiri. Palibe anaganiza kuti nthochi zidzakupezani. Dzenje la chaka chino latsala pang'ono kudzaza, mitambo yayamba kusonkhana kumapiri, ndipo pokumba patsala pamodzi, kumiyendo kwanu.

Musati sitinayese kwina. Chaka chija anthu a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kuona zimbudzi, Yotamu anakumba lakuya kumunsi, kufupi ndi dambo. Mvula itabwera dzenje linadzaza madzi, linagumuka, zonse zinayenderera mpaka kuchitsime. Ana a m'mudzi anatsekula m'mimba, ndipo mwana woyamba wa Yotamu tinamuika. Munamulandira, simukufunika kuuzidwa. Yotamu amalakalaka chimbudzi chamadzi chimene anaona kunyumba ya kalaliki ku Uliwa, koma ife mpopi tiutenga kuti? Ngakhale kalalikiyo, mpopi ukauma amasowa kolowera. Kumunsi sindibwererako, amayi, pali khanda pakhomo.

Lachiwiri masana, dzuwa lili pamutu, ndinatenga khasu kuti ndikangoyeza malowo. Ndinapeza phulusa. Silinali lotayidwa mulu ayi, linali lowazidwa mopyapyala, mozungulira, kukula kwake ngati pakamwa pa dzenje. Ndinagwira, linali lofunda. Ndinadziuza kuti ndi dzuwa, koma pamenepo ndi pamthunzi wa nthochi yomaliza, imene mkoko wake walendewera pamwamba panu.

Ndinafunsa mkazi wa Yotamu. Anati iye akadali m'chikuta, kuseri sanapondeko. Yotamu anaseka, anati ndakalamba, mwina ndinawaza ndekha n'kuiwala. Ndinasesa pamaso pake. M'mawa mwake ndinamutuma yekha kuti akaone. Anabwerako osaseka, phulusa linali litabwerera pomwepo. Nkhuku zimene zimapalasa paliponse, pamenepo zikulambalala.

Ndinayang'anitsitsa kawazidwe kake. Kakuyambira kumanja kupita kumanzere, monga amawazira munthu wamanzere. Pakhomo pano wamanzere munali inu nokha.

Ndiye ndikufunsani, chifukwa sindikumva bwino. Kodi mukundilozera kuti kumba apa, kapena mukutseka malo kuti pasafike munthu? Inu munali munthu wosanyansidwa ndi dothi. Munkati, "Chimene chalowa m'nthaka chasanduka nthaka, usachiope." Komanso munali munthu wosafuna kupondedwa pamphasa mukagona. Ndaganiza mbali zonse ziwiri mpaka mutu kuwawa. Kwa abusa sindinapite, adzati ndikupembedza akufa. Akulu a kwanu amene akanandimasulira, onse muli nawo komweko.

Loweruka ndikumba. Ndikumba ndekha, Yotamu sindimulola kugwira khasu, kuti ngati pali mlandu ukhale wa dzanja langa. Ndidzatsata mkombero wa phulusalo, osapitirira ngakhale chala, ndipo khomo la kamsasa lidzapenya kwina kuti musaone ana anu atavula. Dzenjelo likadzadzaza, ndikulonjeza kubzalapo nthochi yophika ija munkakonda ndi nyama, ndipo mkoko woyamba sadzadya munthu, udzagwera pa inu. Za chaka chinacho adzaganiza otsala. Mwina adzayambiranso kumene munayambira, pakuti kumeneko zonse zinasanduka dothi lakuda kalekale.

Ngati ndamva molakwa, amayi, musakalowe m'nyumba ya Yotamu. Nyumba yanga mukuidziwa, chitseko chake sichivuta. Mudzandiuze ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati