Mlandu wa Kuonda Kwanga

Lolemba, 4 Juni 2018

Kuzizira kwa ku Manjawira. Faifi koloko m'mawa pabwalo la mpira, amayi 19. Kudumpha, kuwerama, kuzungulira bwalo kawiri. A Lufina ogulitsa tomato amawerenga mokweza kuposa ine mtsogoleri, koma pofika pa teni amakhala atadumpha kanayi. Seveni koloko ndili m'kalasi, Bayoloje ya Fomu 3, miyendo ikunjenjemera. Digiri yonse ija kuthera pa wezulo.

Siketi yabuluu yayamba kuzungulira yokha m'chiuno. Makilo 11 chiyambire Januwale. BP yatsika.

Lachitatu, 6 Juni

Apongozi atulukira kuchokera ku Lizulu, osaimba ndi foni yomwe. Thumba la kachewere, makabichi anayi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anayang'ana mimba ya mwana wawo Bizwell. Nthawi yaitali. "Mwana wa eni tinamutenga ali ndi masaya."

Ndawafotokozera za mtima ndi mafuta a m'mitsempha. Amagwedeza mutu ngati ana anga a Fomu 3: ulemu wokhawokha, kumva ayi.

Loweruka, 9 Juni

A Lufina andibweretsera mphekesera za pamsika, zosanjidwa milumilu. Ena akuti ndikudwala. Ena akuti Bizwell ali ndi mkazi wina ku Bwanje komwe amakapikula mpunga. Ambiri akuti ndiwo zankhuli amadya yekha, ine amandisiyira msuzi. Anzake a pabawo ayamba kumutchula Adyayekha.

Pa chakudya chamasana, Bizwell motsitsa mawu: "Amayi a Nomsa, mungonenepako pang'ono, dzina langa lipume." Ndinaseka. Iye sanaseke.

Lachiwiri, 12 Juni

Sindinapite kubwalo. Apongozi anandilawirira pakhomo ndi phala lothira nsinjiro, mbale yoti mwana n'kusambiramo. Wezulo ndimaimvera patali, a Lufina akuiimba ngati akuthamangitsa mbuzi.

Amayi anga anagwa akuchapa, ali ndi zaka 46. Sitiroko. Masaya anali nawo, okongola zedi. Ine 41. Nomsa ali Sitandade 5.

Apongozi aitanitsa ankhoswe Lamulungu.

Lamulungu, 17 Juni

Ankhoswe awiri: malume anga a Paison, ndi a Maynard akuchimuna. Maola atatu pamkeka. Ndinapereka buku langa la kuchipatala. A Maynard analigwira ndi manja awiri, mwaulemu, osalitsegula. Ndinanena kuti masewero sindisiya, ngakhale anditumize kwathu. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, komabe anatuluka.

Kenako a Paison, omwe anagwirapo m'migodi ya ku Joni ndipo salola munthu kuiwala: "Vuto si kuonda kwa mkazi. Vuto n'loti waonda yekha. Khomo limodzi silingakhale ndi njala ndi masika nthawi imodzi."

Chigamulo: kaya ine ndinenepe, kaya Bizwell aonde. Ndimadikira kuti apongozi ateteze mwana wawo. Anamuyezanso ndi maso. "Uyu zochotsa ali nazo."

Bizwell anavomera msangamsanga, poganiza kuti zithera pamkeka pomwepo. Zaka khumi ndi ziwiri m'banja, malume anga sanawadziwebe.

Lolemba, 18 Juni

Amayi 31. Ena sindinawaonepo chiyambire, ena anabwera ndi mipando. Bizwell kumzere wakumbuyo, jekete la kutchalitchi pamwamba, kabudula wa paunyamata pansi. A Lufina anamukokera kutsogolo: "Achimwene, imani apa anthu akuoneni, mlandu uthe."

Anazungulira bwalo kamodzi, n'kukhala pansi kumanga nsapato yomanga kale.

Apongozi akuti ku Lizulu sabwerera mpaka lamba wa Bizwell atasuntha bowo limodzi. Phala ayamba kumuchepetsera okha.

Mayeso a Fomu 3 sindinachonge. Bizwell akundiitana kuchipinda, akuti miyendo yakana kutsika pabedi, ndiye akufunsa ngati mawa kugwe mvula.