Phulusa la a Bonaventure

Edmonton, London
19 Novembala 2006

Okondedwa achimwene a Biswick,

Mundikhululukire kalembedwe kangaka. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekera sitandade 4, ndiye mawu ena mungowaganizira nokha. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo. Ndikudya, ndikupita kuntchito, basi.

Ndalemba chifukwa ndalakwira munthu wakufa, ndipo m'chikwama changa muli pepala limene lingandichotsetse ntchito. Pafoni sindikanatha kunena.

Mukukumbukira nkhalamba ija ya m'chipinda nambala 9 kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, a Bonaventure, amene ndinkakuuzani kuti ndi mmwenye wojambula zithunzi? Anamwalira pa 2 Okutobala. Ndinawasamala zaka zitatu. Anabwera kunyumba ya okalambayi atachita sitiroko, Chingelezi chonse chitathawa m'kamwa, nkumangotulutsa mawu ena amene palibe ankawamva. Mufayilo yawo analembamo kuti Indian, ndiye ine ndinangoti ndi mmwenye ngati a m'masitolo a ku Limbe. Lachisanu lililonse ndinkawapemphera mpunga wa tsabola kukhitchini. Ankadya misozi ili mbwee, ine nkumati akukumbuka kwawo.

Dzanja lamanja linali lakufa, koma ankajambula ndi lamanzere tsiku ndi tsiku pafupi ndi windo. Zithunzi zawo zinali zoyera mbee, mwina kakavalo kamodzi pakona, mwina mzimayi wofunda bulangeti lofiira ataima patali. Ine ndinkayesa penti yawathera. Ndinakawagulira yobiriwira. Anaiyang'ana, naseka mpaka kutsokomola, ndipo sanaitsegule.

Mu Seputembala anandigwira mkono nandifumbatitsa pepala. Panalibe zilembo zimene ife timadziwa, koma timakona, timizere tokhota ndi timadontho. Analoza pepalalo, naloza pansi, nadzigunda pachifuwa. Ndinati, "Zikomo agogo, mwajambula bwino," nkuliika m'chikwama. Lamulo la pano ndi loti chilichonse chimene wodwala wakupatsa ukachionetse kwa manijala ndi kuchilemba m'buku. Ine buku lija ndimaliopa, anzanga amaseka Chingelezi changa. Sindinalembe.

Atamwalira panalibe m'bale wodziwika, ndiye maliro anakhala m'manja mwa a khonsolo. Kunabwera bambo wina ndi fomu. Manijala anandiitana nati, "Tionenji, iwe ndiye unkawadziwa. Pali chifukwa chilichonse choti tisawawotche?" Ndinayankha msangamsanga, ndikunyada kuti afunsa ine, kuti amwenye maliro awo amawotcha, kwathu timadziwa zimenezo. Bamboyo anachonga pafomu. Anawawotcha Lachiwiri m'mawa. Operekeza tinalipo awiri, ine ndi a Effie, nesi wa ku Dedza uja. Pofika masana tinali titabwerera kuntchito.

Sabata yathayi kunafika mzimayi wochokera ku Canada, dzina lake Vera, mwana wa mlongo wawo. Wakhala akuwafunafuna zaka zisanu ndi ziwiri. Atamva kuti ndine ndinkawasambitsa anandikumbatira nthawi yaitali. Tinakhala pansi ndi makatoni a zithunzi, iye akutulutsa chimodzichimodzi ndi kundifotokozera.

Achimwene, a Bonaventure sanali mmwenye. Anali a mtundu wa Cree, eni dziko la Canada azungu asanafike, kungoti azunguwo ankawatchula Indian. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anawakweza palole kupita kusukulu ya mishoni yogonera komweko. Anawameta tsitsi, ndipo akalankhula chinenero chawo ankakwapulidwa. Mawu aja amene palibe ankawamva kunoko ndi chinenero chomwecho. Mzimayi wa bulangeti ndi mayi awo, mmene anawaonera lole ikunyamuka. Zoyera zija ndi chipale chofewa chimene chimagwa kwawo kukazizira, zithunzizo zinali zotha kale. Kujambula anayambira kuchipatala cha chifuwa chachikulu kumene anagona zaka ziwiri. Mu 1968 mzungu wina wogulitsa zithunzi anawabweretsa ku London. Vera anandionetsa nyuzi yakale yong'ambika m'mbali, iwo ali mu suti, tsitsi lalitali, azungu atawazungulira ndi matambula m'manja. Patapita zaka anthu anatopa nazo zithunzi zawo. Anayamba kupenta zikwangwani za mashopu ku Tottenham, nkumamwa, manyazi akuwaletsa kubwerera kwawo. Makalata nawonso anasiya kulemba.

Vera anabwera kudzatenga thupi. Akuti kubanja kwawo sawotcha, ndipo pambali pa manda a mayi a Bonaventure anawasungirapo malo kuyambira 1981. Manijala anamupatsa phulusa lawo m'chigubu cha pulasitiki chili m'jumbo. Sanakuwe. Anachiika pamiyendo nkumachisisita.

Ndinatuluka nkukawapeza a Effie kumene timaika mabulangeti. Ndinati, "Ndiye tawotcha munthu wolakwika?"

Anati, "Munthu ndi yemweyo, chemwali, olakwika ndife. Iwe tseka pakamwa. Viza yako yamangiriridwa pantchito ino, waiwala?"

Za pepala sindinawauze.

Nditabwerera, Vera anandifunsa kuti, "Amalume sanasiye mawu alionse? Ngakhale mzere umodzi?" Ndiye anayamba kulemba patebulo ndi chala kundionetsa mmene kwawo amalembera. Timakona, timizere tokhota, timadontho. Chikwama chinali paphewa langa. Ndinati, "Sanasiye."

Kuchokera tsiku limenelo sindikumva chilichonse. Sindinalire. M'nambala 9 mwalowa mayi wina, ndimamusambitsa, ndimamudyetsa, dzina lake ndimachita kuwerenga pachitseko. Dzulo ndinaima pamalo okwerera basi ku Edmonton Green, basi zanga zitatu zinadutsa ndikuziona. Inu mukudziwa kuti ine ndimada nkhawa ndi chilichonse, ngakhale ketulo ndimabwerera kawiri kukaona ngati ndazimitsa, koma pano ngakhale mantha akumveka ngati a munthu wina.

Pepalalo ndimalitulutsa nkuliyang'ana, chozondoka, choongoka, sindidziwa kumutu kwake nkuti. Mwina akuti mukandiike kwa amayi. Mwina akungoti tsabola wachuluka. Amene angawerenge ndi Vera yekha. Ndikamupatsa, akafunsa manijala chifukwa chake silinalembedwe m'buku, ndipo zidzadziwika kuti ndinali ndi mawu a womwalira m'chikwama pamene ndinkauza a khonsolo kuti awotche. Akandichotsa ntchito, a maofesi oona za maviza ku Croydon andibweza kwathu, ndipo mukudziwa anthu amene ntchito imeneyi ikuwadyetsa. Ndinaganiza zoliponya m'katoni ya zithunzi mwakachetechete, koma Vera anatulutsa chilichonse ine ndikuona, ndiye adziwa amene waikamo.

Alamu musawauze, zingafike kutchalitchi. Muwapatse moni wanga, iwo ndi ana onse. Majuzi aja ndinawapatsira a Oswald amene akubwera pa Khirisimasi, lalikulu ndi lanu. Azakhali muwauze kuti ndili bwino ndipo kuno kwayamba kuzizira. Mukapita kumanda a amayi mvula isanakule, mukazuleko udzu m'malo mwa ine, ndipo mukaone ngati pambali pawo patsala malo.

Vera akwera ndege Lachinayi. Kalatayi ikamafika m'manja mwanu adzakhala atapita kale, ndiye sindikupempha kuti mundiuze chochita. Anandisiyira nambala ya hotela imene akugona. Sindinaimbe, ndipo sindikudziwa ngati ndiimba.

Ndine mlongo wanu,
Tionenji