Nkhope ya Febe Yapsa Chinkhoswe Chili Pafupi

Wokondedwa mwana wanga Kettie,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Blantyre kumeneko, pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga. Kuno ku Nsaru tadzuka, kungoti dzuwa lanyanya, ndipo bondo langa lija silinasiye mwano.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Foni ya pakhomo pano imakhala ndi mng'ono wako Febe, ndipo iye watiletsa tonse kukuuza zimene ndikulembazi. Ndapatsira Adamson, woyendetsa minibasi uja.

Nkhani ndi ya mabotolo awiri unatumiza aja, a madzi opukutira kumaso amene umawatcha tona. Ine ndakalamba ndi sopo basi, koma ndinamvetsa pamene unkalongosola. Unati lalikulu ndi la Faness, chitsiriza wathu, chifukwa nkhope yake imachita mafuta ndi ziphuphu, ndipo m'botolomo muli asidi ndi spiriti zoumitsa. Laling'ono, la madzi a maluwa ndi giliserini, unati ndi la Febe, amene khungu lake ndi louma, losachedwa kutuwa.

Amayi ako anaziona mwina. Anati mkwatibwi sangapatsidwe kabotolo kakang'ono, mwana wa sukulu n'kutenga lalikulu, anthu angatiseke. Anatinso ana a mimba imodzi khungu lawo ndi limodzi, basi anasinthanitsa. Ukuwadziwa amayi akowa, akatsimikiza chinthu ngakhale abusa sangawabweze.

Febe atadandaula kuti zikumuwotcha, azakhali ako a Rachel anamuuza kuti apirire, mankhwala osaluma ndi madzi chabe. Anamuphunzitsanso kunyowetsa kansalu n'kukasiya pamasaya mpaka kaume, m'mawa, masana ndi madzulo. Akatero, mwanayo ankatsikira kudambo kukathirira nazale ya fodya, dzuwa likuswa mtengo.

Kettie, nkhope ya m'bale wako yapsa. Inayamba ndi kutupa, kenako kusupuka ngati mbatata yootcha, ndipo pano masaya onse ndi chipumi zili ndi zigamba zakuda. Kuchipatala anati asiye kudzola chilichonse, azisamba madzi okha ndi kupewa dzuwa. Nditafunsa ngati zigambazo zichoke msanga, adokotala anati zoterezi zimatenga miyezi, ndipo munthu akamasewera nazo zimakhalitsa. Chinkhoswe ndi Loweruka la sabata yamawa.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi ichi. Azakhali ako abwera ndi kachitini ka mafuta oyeretsa khungu kopanda dzina, kogula pa tsiku la msika. Akuti masiku ochepa chabe zigamba zonse zifufutika. Nditatsegula, fungo lake linandikumbutsa mankhwala opopera fodya. Ndakabisa m'thumba la jekete yanga ya ku tchalitchi, koma amayi ako ayamba kale kundiyang'ana ndi diso lija. Febe nayenso akukafuna. Munthu akathedwa nzeru amadzola chilichonse, ndipo ine sindingalondere jekete usana wonse.

Ndili ndi mantha, mwana wanga. Febe sakudya, kukwaya anasiya, amangobindikira kuchipinda atadziphimba mpango. Bwenzi lake Jonasi akadali ku esiteti ku Kasungu ndipo sakudziwa kanthu. Akapempha chithunzi, Febe amamutumizira zakale.

Dzulo ndinamupeza kuseri kwa chigafa cha fodya, ndipo ndinayesa kumulimbitsa mtima kuti mnyamatayo ndi wamakhalidwe. Iye anandikumbutsa mwambo wathu uja, wophimba mkwatibwi ndi anzake zitenje, akuchimuna n'kumavundukula mmodzimmodzi, akumakana atsikana enawo anthu akuseka. Kenako anandiyang'ana.

"Ababa, nanga akadzandivundukula ine, Jonasi n'kunena kuti si ameneyu, inu mudzatani?"

 Ndinangomugwira dzanja.

Chonde bwera, usadikire tsiku la chinkhoswe. Iwe ndi amene umadziwa zoyenera khungu lotere, ndipo mawu ako okha ndi amene amayi ako ndi azakhali ako angamve. Usadzakalipire munthu, amayi ako akulira kale mokwanira. Udzakhale ndi mng'ono wako, udzamuthandize kuuza Jonasi zoona, kuti mnyamatayo aone nkhopeyi ali awiri, osati pamaso pa mudzi wonse.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi onse a pakhomo pako. Mulungu akusunge ndipo akuyendetse bwino pamsewu.

Ndine bambo ako,
Wyson Kamphinda