Diresi Lamaliro Latuluka Labuluu

Malindi,
Mangochi.
15 Okutobala, 1981.

Okondedwa achimwene anga a Jenkins,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nchaloko pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti nzimbe sizinakutheni mano. Ine ndili moyo, koma kalatayi ndikulemba chiimirire, chifukwa ndikati ndikhale pansi mpando ukundiluma. Werengani pompano, musayambe mwakasamba monga mumachitira.

Mukudziwa kuti chimwalirire a Marko, bambo a Ruti, ine ndili m'zakuda. Munalonjeza kuti mvula ikatha mubwera kudzakhala pansi ndi akuchimuna kuti andivule zakudazi ndi kundisudzula. Mvula inatha, ina inabwera, nayonso yatha. Inu zii. Koma dzuwa la kuno silidikira mwini mbumba. Diresi lamaliro lija limasuluka mpaka kumaoneka ngati msana wa bulu, ndiye ndakhala ndikulidaya ndekha. Pa ntchito imeneyi, kuchokera pano mpaka ku Makanjira, palibe wondifika. Nsalu ikachoka m'manja mwanga, makala amaoneka ngati ufa woyera, ndipo khwangwala wina anaona duku langa pachingwe nasamuka m'mudzi muno ndi manyazi.

Lachiwiri ndinapita ku boma kukagula dayi. Khadi la chipani ndinali nalo, anyamata a pageti la msika sanandivute, mmodzi anangokhumudwa pamwala pondicheukira. Si mlandu wanga umenewo. Dayi ndimagula pa okala ya a Jaffalie, bambo wa Chisilamu wamtali uja, amene akazi awo anatisiya chaka cha kolera.

Atangondiona anati, "Mayi a Ruti, mwabweranso? Wakuda watha."

Ndinati, "Watha bwanji? Nanga uyo ali pashelefuyo ndi uchi?"

"Ameneyo ndi wa anthu olira. Inu kuseka kwanu ndimakumva mukadali pa mlatho."

"Bambo inu, gulitsani katundu, musagulitse pakamwa."

"Wallahi, dayi amene mwagula pano akanatha kudetsa Shire mpaka ku Liwonde. Mudzavula liti?"

"Kafunseni achimwene anga."

"Ndiwafunsa ndithu. Ndili nawo mafunso awiri."

Funso lachiwirilo sindikulidziwa, achimwene, ndipo musandiyang'ane choncho. Anatembenuka, nakulunga kachitini m'nyuzi, nandipatsa ndi manja awiri ngati akupereka kwa bishopu.

Dzulo m'mawa ndinateleka chidebe chachikulu chija. Madzi atabwadamuka ndinathira mchere wodzadza dzanja, ndinasungunula dayi, kenako ndinaviika zovala m'madzi ozizira kuti zisachite mawanga. Ndinaponyamo zonse: diresi, bulauzi, duku, ngakhale chitenje chakuda chimene munanditumizira. Ndinatakasa ndi nsungwi mpaka mkono kuuma, utsi uli m'maso, thukuta likutsika ngati la ng'ombe yapangolo. M'chidebemo zinali bii, zakuda bwinobwino. Ndinatsukuluza, ndinayanika, ndinapita kudimba kukathirira mpiru.

Pobwera ndinaona anthu ataima pampanda. Ndinati kapena nyumba yapsa. Ayi, ankaonerera chingwe changa. Zovala zija zitauma zinasanduka zabuluu. Osati buluu wamanyazi wobisala m'kuda, koma buluu weniweni, wa yunifolomu ya ana a sukulu ya mishoni. Kunena zoona ndi wokongola, palibe anadayapo buluu wotero m'boma lino, koma si nthawi yake yodzitama.

Ndisanaanule, apongozi anga anafika. Ndinakonzekera kuti andilalatira mpaka mbuzi zithawe. Sanakweze mawu. Anagwira mpendero wa diresi, naupotokola ndi zala.

Anati, "Dinah, wadzivula wekha?"

Ndinagwada. "Iyayi amayi, ndi dayi wandilakwira."

"Dayi anadzithira yekha m'chidebe?"

Ine amene ndimayankha ngakhale bingu, ndinangoyang'ana chidebe chija.

Kenako anati, "Ndinkati ndikakuona m'zakuda, ndinkadziwa kuti Marko tikumulira tili awiri." Anasiya diresi lija napita, osatsanzika.

Madzulo kunabwera amalume ake a Marko. Akuti Lamulungu la sabata yamawa, tikatuluka m'tchalitchi, akuchimuna onse adzakhala pansi. Mwini mbumba wanga akadzakhalapo, adzamva mbali yathu, andivule mwamwambo, andisudzule, nkhani ithe. Mukapanda kubwera, akuti ndadzivula ndekha ngati munthu wopanda kwawo, ndipo palibe wa kwawo adzanditchule womasuka. Mukudziwa tanthauzo lake. Mwamuna waulemu sangatume ankhoswe pakhomo la mkazi wosasudzulidwa. Ndidzakalamba ndili mkazi wa manda, osavala zakuda, osakhalanso mfulu.

Panopa ndili m'nyumba ngati nkhuku yofungatira. Chakuda ndilibe, chabuluu sindingavale, zamaluwa zili m'sutikesi sindingazikhudze. Ndadzikulunga bulangeti, mwezi uno wa Okutobala! Ndikuyenda kuchoka kuchipinda kupita pabalaza, kuchoka pabalaza kubwerera kuchipinda, pansi pakumbika kale kanjira. Ndikamva lole pamsewu ndikusuzumira pazenera ngati muli momwemo, chonsecho kalata sindinatumize. Ndiipereka kwa a Iddi, amene amabweretsa usipa kumeneko, kuti musadzanamizire positi.

Mwina muti ndingogula dayi wina ndibwezeretse. Ndingathe, ndi manja angawa ndingadetse ngakhale mkaka. Koma mudzi wonse waona kale. Ndiponso, achimwene, sindikufuna.

Mukabwera musadzandifunse za chivindikiro cha kachitini kaja pamaso pa anthu. Ndikuuzani pano. Chinali chabuluu. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, Chingerezi cha pachitini sindichimva, koma mitundu ndimaidziwa. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali madzi akuwira, kenako ndinatsegula. A Marko ndinawalira ndi mtima wonse, Mulungu ndi mboni, ndipo m'maloto amabwerabe kudzandifunsa kumene ndaika fodya wawo. Koma ndatopa, achimwene. Ndikufuna tsiku lina ndiseke pamsika popanda kucheuka kuti wandimva ndani.

Za chipembedzo cha a Jaffalie musayambe kulalikira muli m'basi. Tidzakambirana mutadya. Choyamba ndimasuleni.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti akubwerekeni kwa ine masiku ochepa okha, ndidzakubwezani osachepa thupi. Moni kwa ana onse. Ruti akupereka moni, akuti mubwere ndi nsapato zimene munamulonjeza. Mukatsika basi musafikire kwa ine. Yambani mwalowa kwa apongozi anga, muvule chipewa, mukhale nawo pang'ono ngakhale asakuyankhuleni. Ndakhala ndikuyang'ana denga la khitchini yawo kuchokera pazenera. Chichokereni pano dzulo, sipanatuluke utsi.

Ndine mlongo wanu wokudikirani,
Dinah.