Tsiku limene anatenga a Dokotala Msiska pa Chileka

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tikudzuka ndithu, kungoti ine mtima sunakhale pansi. Ndati ndilembere inu chifukwa kalata yopita kwanuko ndi yokhayo imene munthu sangaitsegule panjira.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, akazi awo a achimwene a Laitoni, anachira mwana wamkazi nthawi yokolola, ndipo anamutcha dzina lanu. Makutu ndi anu enieni. Chimanga cha ku Lirangwe sichinachite bwino chifukwa mvula inadula msanga, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kuwerama. Denga la khitchini yanu linagwa ndi chiswe, amayi aang'ono akuphikira pakhonde.

Tsono za kuntchito. Paja ndikayamba kukufotokozerani zimene ndimachita ku labu munkaseka, n'kumati, "Sukulu yonse ija, mapeto ake kugwira sopo?" Lero mundimvere mpaka pamapeto, kuti mumvetse chimene chatayika.

Malungo amene anatenga mng'ono wanga Esinati, aja okomola mwana, amayamba ndi kachirombo kolowa m'maselo a magazi. Kakalowa, kamabzala tinthu take totchedwa mapuloteni pakhungu la selolo, ndiye selo limayamba kumata m'timitsempha ta mu ubongo. Ife timafuna kuchotsa tinthuto pakhungupo kuti tione mmene tilili. Koma khungu la selo ndi lamafuta, madzi okha sangazule kanthu. Ndiye timathira sopo wamadzi wa ku labu. Sopo akakhala waukali, amazula puloteni koma n'kuiwononga, osagwiranso ntchito. Akakhala wofatsa kwambiri, imatsalira pompo. Chaka chathunthu ndakhala m'chipinda chozizira ndi juzi ziwiri, kuyesa uyu, kuyesa uyo, kuzunguza timabotolo m'makina. Nthawi zambiri ndinkakumbukira mawu anu kudambo, akuti nsalu yofewa saichapira pamwala.

Mwezi wathawu zinatheka. Puloteni inatuluka yamoyo, timadzi toyera m'timabotolo ting'onoting'ono. Abwana anga, a Dokotala Msiska, munthu wosaseka wamba, anavina m'labu muja atavala chijasi choyera. Magazi ake anali a ana odwala a ku Lirangwe ndi ku Chileka konkuno, amene amayi awo anatilola kutengako pang'ono. Kuno tilibe makina oyezera zotsala, choncho a Dokotala anakonza zokatula timabotoloto kwa anzawo ku Ulaya. Chilolezo chinalipo.

Tsiku la ulendo ndinawaperekeza ku bwalo la ndege, bokosi la ayezi lili pamiyendo panga. Achimwene a Laitoni anali pantchito yawo yonyamula katundu, ndipo atandiona anandigwedezera mutu. Tili pamzere, panabwera amuna awiri ovala masuti, osati yunifolomu. Anapereka moni mwaulemu, n'kutiuza kuti tiwatsatire. Anakodola achimwene kuti anyamule chikwama cha a Dokotala, tonse n'kulowa m'kachipinda kopanda zenera.

"Muli chiyani m'bokosimu?" anafunsa wamkuluyo.

A Dokotala anafotokoza bwinobwino, m'Chichewa, monga ndakufotokozerani inumu. Bamboyo anangomva mawu awiri, magazi ndi kusungunula.

"Ndiye mumasungunula magazi a ana a Amalawi n'kumatumiza kunja?"

Anatsegula bokosi, Amayi. Anakhuthulira ayezi pansi, timabotolo n'kutindandalika patebulo, kunja kukutentha monga mukudziwira Chileka mu Okutobala. Ine ndinangoti, "Chonde bambo, timadzito tikatentha tiwonongeka." Anandiyang'ana koyamba. Anatola kabotolo ka sopo kamene tinaikamo kuti anzathu a ku Ulaya aja akayerekezere, n'kundipatsa.

"Ngati si poizoni, lawani."

Ndinalawa. Kuwawa kwake mpaka lero ndimakumva kukhosi. Amuna awiriwo anaseka poona thovu pamlomo panga. Kenako wamkulu uja anafunsa kuti, "Nanga mayiwa ndani? Ndi amene amapanga nawo zimenezi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, pakuti ntchitoyo inali ya manja anga. Koma achimwene anandiphangira mawu.

"Bwana, uyu ndi mlongo wanga, sadziwa kanthu. Amangotsuka mabotolo kumeneko. Sukulu inamukanika, ndi ine ndinamupemphera ganyuyo."

Amayi inu! Achimwene omwe aja amene ankandinyamula pa njinga kupita ku sekondale, amene analira tsiku limene ndinalandira digiri! Ndinayang'ana a Dokotala kuti atsutse. Iwo osandiyang'ana n'komwe, anati, "Ndi zoona. Ndinangomutuma kunyamula bokosi."

"Tulukani," anatero bamboyo.

Ndinatuluka. Ndinaima panja pa mpanda mpaka ndege inanyamuka. Patapita nthawi ndinaona galimoto yoyera ikutulukira chipata chakumbali, a Dokotala ali kumbuyo pakati pa anthu awiri, chipewa chili m'manja. Sanabwererenso. Mlandu wawo palibe wautchula, khoti palibe, ndipo kumene ali sitikudziwa. Ena akunong'ona kuti pali amene ankafuna mpando wawo, ena akuti ndi chifukwa cha kumene amachokera. Timabotolo tija sindinationenso.

Chimene chandizunguza mutu kwambiri ndi ku labu. Mmawa mwake aliyense anafika nthawi yake, tiyi anamwedwa, za mpira zinakambidwa. Chijasi cha a Dokotala chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko, koma dzina lawo palibe walitchula, ngati munthuyo sanabadwe. Anthu amene anawaphunzitsa okha kugwira makina amenewo! Inenso ndili m'gulu lomwelo, ndimangoti chete n'kumapukuta tebulo.

Lamlungu ndinapita ku Lirangwe, ndili ndi mkwiyo ndi achimwene. Ndinawapeza kumunda, ndipo ndisanayambe anandikokera pakati pa nandolo, kutali ndi njira.

"Felesiya, ukanangoti ndiwe unapanga, ukanakwera nawo galimoto ija," anatero. "Ine ndanyamula zikwama za anthu ambiri kulowa nazo m'kachipinda kaja. Zikwamazo ndimazitulutsa ndekha."

Ndinawafunsa kuti bwanji sanatiuzepo zaka zonsezi. Anati, "Ndikanauza ndani? Amayi akanagona tulo?" Ndiye anakhala pamzere n'kuyamba kulira, bambo wa ana anayi. Inu munkawatcha mwana wosadandaula, munkati Laitoni ndi mwala. Sitinkawadziwa, Amayi. Ndinakhala nawo pansi pomwepo mpaka amayi aang'ono anatiitana.

Pobwerera pa siteji ndinakumana ndi mayi wina amene mwana wake tinamutenga magazi. Anandigwira dzanja n'kufunsa ngati mankhwala aja apezeka. Ndinamuuza kuti tikadali pantchito. Sindinaname kwenikweni. Muyezo wa sopo uli m'mutu mwanga, ndipo dzinja likubwerali ana adzadzazanso m'chipatala. Ndiyambiranso, kaya andilola kaya ndizichita pang'onopang'ono pakati pa ntchito zina.

Koma pali china chimene chikundivuta kuposa pamenepa. A Dokotala anasiya mkazi ndi ana awiri. Ndamva kuti chichitikire zimenezi palibe wapondako pakhomo pawo, ngakhale a kutchalitchi. Akapita kumsika anthu amatembenukira kumbali. Achimwene andiletsa, akuti nyumbayo ili ndi maso. Mwina akunena zoona, ndipo mantha ndili nawo, sindikubisirani. Koma munthu uja anavomera bodza kuti ine ndipite kwathu. Inu munkati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo simunalumphepo khomo la munthu amene ali pamavuto.

Loweruka likubwerali ndipitako, masana dzuwa lili pamutu, kudzera khomo lakumaso. Ndikawauza Mayi Msiska zimene ndinaona ndi maso anga, kuti amuna awo anatuluka pa Chileka ali moyo, ali bwino. Limenelo ndi lonjezo langa kwa inu. Mundipempherere kumeneko, mumupatsenso moni Esinati.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya