Matumbo a Nkhumba, Matumbo a Vinko

Lolemba, 19 Novembala

Božica wa ku positi wabweretsanso envulopu ija ya achipatala, yoyezera khansa ya m'matumbo. Upake chimbudzi pang'ono pa timakadi, umate, utumize, basi. Yanga ndinatumiza chaka chatha ndipo sindinafe nayo. A Vinko, amuna angawa, aitembenuza uku ndi uku, kenako aipinda n'kuilowetsa pansi pa mwendo wa tebulo umene umagwedera uja. Ati mwina boma layamba kuthandiza anthu tsopano.

Lachiwiri, 20 Novembala

Zifukwa za lero. Ati sakumva kupweteka paliponse. Ati matenda amagwira anthu okonda kuyezetsa, taonani mnzawo Zdravko anali bwinobwino mpaka tsiku limene anakaonana ndi dokotala. Nzeru zimenezo! Ndawakumbutsa kuti bambo awo nawonso sankamva kupweteka, koma tinawaika m'manda ndi matenda omwewa ali ndi zaka zimene iwo ali nazo lero. Angonyamuka kukanola mipeni.

Lachitatu, 21 Novembala

Chenicheni chatuluka: Božica. "Ndim'patse chimbudzi changa m'manja mkazi amene ndinkavina naye ndili mnyamata? Pofika madzulo mudzi wonse ukhala utamva." Ndati Božicayo wanyamula kale za theka la mudzi uno, za wansembe zomwe, ndipo palibe amene anakalengeza m'tchalitchi.

Munthu wake, a Vinko, ndi yemweyu amene amaphera anthu nkhumba nyengo ino. Manja m'matumbo mpaka m'zigongono, kufinya, kutsuka, kununkhiza, mluzu uli pakamwa. Koma zake ndiye zonyansa.

Lachinayi, 22 Novembala

Kani malangizo aja anawerenga mobisa, ndipo apezamo pothawira. Akuti munthu asadye nyama yofiira kapena ya magazi kwa masiku angapo asanayeze. Ndiye Loweruka tikupha nkhumba yathu, masoseji a magazi akhalapo mpaka Khirisimasi, ikatha Khirisimasi chaka chatsopano. Ati tidzaona pa Lenti. Pa Lenti yapitayi anati tidzaona akabzala chimanga.

Ndaseka nawo, koma ndili ndi mantha. Apongozi anga ndinawasambitsa ndi manja angawa miyezi yawo yomaliza, atatsala mafupa okhaokha. Sindikufuna kudzasambitsanso mwana wawo.

Lachisanu, 23 Novembala

Adyo, mchere, paprika, mabeseni. Msana wanga ine.

Loweruka, 24 Novembala

Nkhumba yagwa m'mawa, yonona zedi, mpaka alamu anga a Ilija kuimwera kachasu wathu wa rakija isanawaulidwe n'komwe. A V. atang'amba n'kuyamba kukoka matumbo, mluzu uja unangoti zii. Anandiitana ndi mutu. M'thumbo lalikulu munali chotupa cholimba, kukula ngati dzira. Nkhumba imene dzulo lomweli imadya ngati yopenga n'kumagwetsa chitseko cha khola.

A Ilija anati tingodula pamenepo n'kuponyera agalu, nanga nyama yooneka bwino chonchi ingadwale? A V. anawakalipira mng'ono wawoyo pamaso pa anthu onse, ati palibe alawe kanthu mpaka dokotala wa ziweto abwere. "Ukuona kunona iwe? Zoterezi sizionekera kunja, mpaka utayang'ana m'kati."

Ine ndinali ndi mawu, ambiri ndithu. Ndinangowerama n'kumatsuka beseni loyera kale.

Dokotalayo anati ndi chithupsa chabe, nyama ili bwino. Tapanga masoseji mpaka zala kufa dzanzi. Mluzu sunabwererenso.

Lamulungu, 25 Novembala

Abale onse pa chakudya cha masana. Mwa mwambo wa pakhomo pano, soseji ya magazi yoyamba imadyedwa ndi wopha nkhumba, ndipo a V. chikwatirane sanaiphonyepo, ngakhale chaka chimene anazulitsa dzino. Ndinawaikira patsogolo ikadali kulira mafuta. Anaiyang'ana, n'kukankhira mbaleyo kwa a Ilija. Ati ndiwapatse buledi, tchizi ndi kabichi.

A Ilija kuseka mpaka kutsamwa. "Mwayamba Lenti mu Novembala, achimwene? Kapena mukudwala?"

"Sindikudziwa," anatero a V., maso ali pa buledi.

Pochotsa mbale ndinagunda tebulo ndi chiuno, msuzi n'kutayikira pa nsalu yanga yoyera. Layambanso kugwedera. Ndinasuzumira pansi, pa mwendo paja palibe kanthu.