Njere Zofiira za Malemu Kalebe

Aphungu,

Cholakwa chimene ndikudandaula chinachitika Lachinayi, pa 14 Ogasiti 1975. Ndinapuma pa ntchito ya ukalaliki ku Dowa Boma, ndipo masiku sindisokoneza.

Kuno kwa Dzoole tili ndi gulu la alimi lomvera wailesi, limene limakumana kusukulu Lachinayi lililonse. Aliyense ali ndi botolo lake. Wina akapereka nzeru yothandiza, amene wakhutira nayo amaimirira, naponya njere yofiira ya chimanga m'botolo la mwini nzeruyo, nanena mokweza kuti, "Mwalasa!" Chaka chikatha, wa njere zambiri amakasunga wailesi kunyumba kwake.

Tsiku limenelo, tili panjira, ndinafotokozera mnzanga a Kalebe njira yoletsera makoswe: kuveka miyendo ya nkhokwe zitini zozondotsa. Iwo anaseka nati, "Aa, akalaliki, makoswe akuno sanapite kusukulu, adzakwera basi." Titalowa, anaimirira nanena nzeruyo ngati yawo. Anthu makumi awiri anawaponyera njere ine ndikuona, ndipo wailesi inapita kwawo. Ndinakhala chete chifukwa anali wapampando wa nthambi ya chipani. Zinazo mukuzidziwa. Mpaka lero nkhokwe zoterezi anthu amazitcha "za a Kalebe".

A Kalebe anamwalira mu Meyi chaka chino cha 1981. Nditapita kukawazonda akudwala, anandigwira dzanja nati, "Achimwene, zanu zija zibwera."

Chiikireni maliro, Lachinayi lililonse mmawa ndimapeza njere imodzi yofiira pakhonde langa, pamalo amodzimodzi. Galu wanga sauwa. Nkhuku, zimene sizisiya kanthu pansi, zimailambalala. Akazi anga a Tabita akuti tipite kwa sing'anga ku Ntchisi. Amati, "Bambo, munthu wobweza ngongole akamaliza amabwera yekha kudzatsanzika." Koma ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo zikamveka andichotsa paudindo.

Kodi njerezi ndizilandire, kapena ndizitaye? Sindibisa kuti ndili ndi mantha, komabe chilungamo sichisintha chifukwa munthu wafa. Njerezo zafika khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zatsala zitatu, ndipo ndi zanga.

S.B.M., Dzoole, Dowa

Bambo S.B.M.,

Pepani, zaka zisanu ndi chimodzi ndi zambiri kukhala ndi chinthu kukhosi. Anakulakwirani ndithu, ndipo sindikuuzani kuti muiwale.

Kwa sing'anga musapite. Mukataya udindo wanu, ndipo mukabwerako ndi dzina la munthu wosalakwa. Pitani kwa mkazi wa malemu, masana, pamodzi ndi a Tabita. Tengani ufa pang'ono monga achitira anthu opepesa maliro. Mukakhala pansi funsani mofatsa ngati amuna awo anawasiyira mawu okhudza inu. Munthu wodwala akalephera kupepesa ndi pakamwa amatuma wapafupi, ndipo wotumidwayo angachite manyazi kugogoda. Galu sauwa munthu amene amamudziwa. Za nkhuku sindingakuyankheni.

Koma onani bwino mwambo wanu womwewo. Njere payokha si kanthu, ngakhale khoswe amaitola. Chimene munamanidwa ndi mawu aja onenedwa mokweza pamaso pa anthu, ndipo amenewo wakufa sanganene. Amene anaponya njere tsiku lija ena alipobe. Pemphani mtsogoleri wa gulu akupatseni mpata, mufotokoze za zitini zija mwachidule, mosanyoza malemu. Mkazi wa malemuyo akavomera kukuchitirani umboni, ndi bwino koposa. Wina mmodzi yekha akaimirira n'kunena kuti "Mwalasa!", mlandu watha. Njerezo musataye. Mvula ikagwa mudzazibzale kuseri kwa nyumba.

Chenjerani ndi ziwiri. Musatchule munthu aliyense kuti ndi mfiti, ndipo za udindo umene malemu anali nawo musazilowetse m'nkhaniyi, ngakhale pocheza.

Chomaliza, pitani sabata ino, zitatu zija zisanakwane. Mayiwo akakuyang'anani m'maso n'kunena kuti sakudziwapo kanthu, itanani abusa adzapemphere pakhondepo, ndipo inu mulekeretu kuwerenga njerezo. Ngongole ina ndi bwino kuikhululuka isanathe kubwezedwa.

Aphungu